Geji ya pa Zenera

Zimene ndinataya m'chaka chimodzi ndi izi.

Rhoda, mayi wanu.

Ntchito ya zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu.

Ng'ombe ziwiri za mkaka.

Kachitsulo kotalika ngati chikhatho changa, kamene kankagwira zenera la kuchipinda kuti lisamenyeke.

Ndikulemba chifukwa cha iwe, Taonga. Tsiku lovundukula mwala wa pamanda unafunsa amayi ako aang'ono a Judith, osati ine, chifukwa chimene atate sanali kuchipatala tsiku lija. Ndinali kuseri kwa thanki ndipo ndinamva. A Judith anakuyankha kuti ndinali ku ntchito, ndipo sananame. Koma yankho lake ndi lalitali kuposa pamenepo, ndipo pakamwa sindingalithe. Dalitso anali ndi zaka zitatu zokha. Akadzafunsa, udzampatse pepalali.

Ku Kabwe, zaka zinayi zoyamba

Nditamaliza ku koleji ya zaumisiri ananditumiza ku wekishopu yokonza mawagoni a katundu. Ndinkayembekeza kugwira mainjini, koma anandipereka kwa mdala wina wa ku Monze, a Hamoonga, amene ntchito yawo inali makapulingi okhaokha. Kapulingi ndi chitsulo chimene chimalumikiza wagoni ndi inzake. Pindani zala za manja onse awiri n'kuzikoletsa, mukoke: ndi mmene awiri amagwiranirana. Mbali imene imatseguka ndi kutsekeka ngati chala chopindikacho timaitcha nakolo. Sitima ikamanyamuka ndi kuima, zitsulozi zimakhulana, nakolo imadyeka pang'onopang'ono, ndipo kukamwa kwa kapulingi kumakula. Kukakula mopitirira, tsiku lina pa chitunda zala zija zimapulumukana, sitima n'kuduka pakati.

Kuyeza kwake n'kosavuta, mwina n'chifukwa chake anthu amakupeputsa. Pali kachitsulo kophwatalala kotchedwa geji. Umatseka nakolo, n'kuikoka kuti ifike pomalizira, kenaka n'kuyesa kulowetsa geji m'kamwamo. Ikakana kulowa, kapulingi ili bwino. Umalemba zilembo za dzina lako ndi choko pambali pa wagoni, ipite. Ikalowa, yatha, umalemba mtanda, wagoni n'kupatulidwa.

Tsiku loyamba ndinatulutsa geji yangayanga. Ndinaipanga ku koleji pa mayeso omaliza, milungu itatu ndikupala ndi tupa, ndipo ndinadindapo zilembo zanga. A Hamoonga anaitembenuza n'kuseka. "Ba Koleji abwela na nsimbi yawo! Mawa muzabwela na njanji yanu?" Komabe anapita nayo ku sitolo, nakaigundanitsa ndi geji yaikulu imene inkasungidwa m'bokosi lokhoma, yoyezera zinzake zonse. Atabwerako anangoti, "Ni mapasa. Isunge ku nyumba, isagwire nchito. Yamene isebenza imatha." Dzina la Ba Koleji linandikanirira mpaka tsiku lotsanzika.

Mdalayu sankaphunzitsa ndi mawu ambiri. Kamodzi kokha, tikudya mbatata pansi pa wagoni yakufa, anandiuza za mawagoni asanu ndi limodzi amene anawaona ali mnyamata akubwerera okha chammbuyo atadukira pa chitunda. Chimene chinawatsalira m'mutu sichinali liwiro, koma bata lake. "Injini imalila, anthu amathaba. Wagoni yothaba ilibe hutala." Lamulo lawo lina linali lakuti ukakhala pakati pa mawagoni suyankha munthu, ngakhale akhale bwana. Umamaliza, n'kutuluka, kenaka n'kufunsa kuti amati chiyani. Ankandimenya ndi choko pa chipewa ndikangotembenuza khosi. Anapuma ntchito chaka changa chachinayi ndi zala zawo zonse khumi, chinthu chimene ankanyadira kuposa nyumba yawo.

Ku Lusaka, kuyambira chaka chachisanu

Anandisamutsira ku yadi ya ku Lusaka kukhala woyendera sitima zisananyamuke. Chaka chomwecho ndinakwatira mayi wanu, ndipo tinamanga pamalo amene atate ake anatidulira kuno ku Palabana. Anzanga ankati ndapenga kukhala kutali chonchi, njinga mpaka pa siteji, kenaka maminibasi awiri. Koma Rhoda sakanakhala m'komboni yopanda khola. Ankaweta ng'ombe za mkaka, ndiponso ndiye ankalandira mkaka wa alimi anzathu pa kagulu kathu. Anali ndi kagalasi koviika m'chigubu kosonyeza ngati munthu wathiramo madzi. Tsiku lina anabweza zigubu ziwiri za amalume ake enieni anthu akuona, iwo n'kumanena kuti mvula ndiyo yagweramo. "Mu Ogasiti, amalume?" Sanalankhulane mpaka Khirisimasi.

Geji yanga ya ku koleji inakhala m'sutikesi mpaka mphepo ya Julaye itathyola kandowe ka zenera la kuchipinda. Rhoda anaipeza, naipanikiza pakati pa zenera ndi felemu, ndipo inakwana ndendende. Ndinadandaula kuti chimenecho ndi chida choyezera. Iye anati, "Manje chapeza nchito." Kuyambira pamenepo ankaitcha geji yake.

Zaka za pakatizi zinali za kusowa. Manakolo atsopano ankabwera mwa apo ndi apo, kenaka anasiyiratu. Kumapeto kwa yadi kunali njanji imene tinkaitcha kumanda, kumene mawagoni akufa ankaimikidwa m'udzu, ndipo kumeneko ndiko kunali sitolo yathu yeniyeni. Tinkapita ndi nyundo ndi wilibala, kugulula pini, kuyeza nakolo ya wakufa, ikakhala yabwinoko n'kukaipatsa wamoyo. Kumandako kutatha, tinayamba kuwotcherera manakolo odyeka n'kuwapala kuti abwerere mwakale, ntchito imene imafuna ndodo zake zapadera, ndipo nazonso zinkasowa. Ngakhale choko ndinkagula ndekha pa kantemba. Iwe Taonga unkandibera zidutswa n'kumaphunzitsa nkhuku masamu pa khoma la khitchini.

Kapitawo wathu anali a Siame. Sindikufuna muwaone ngati munthu woipa. Foni yawo inkalira kuyambira mmawa, akuluakulu mbali iyi, eni katundu mbali iyo, aliyense akufunsa chifukwa chake sitima yake sinachoke. Mtanda uliwonse umene ndinkalemba unali wagoni yofunika kuichotsa pakati pa zinzake, maola awiri otayika, ndi nakolo imene kunalibe. Ankabwera n'kuima kumbuyo kwanga manja ali m'thumba. "Ba Koleji, iyo si ingafikeko chabe ku Livingstone? Ulendo umozi chabe?" Ndinkawapatsa geji kuti ayese okha. Sankailandira. Ankapukusa mutu n'kumapita, ndipo madzulo ankandipatsabe lifiti mpaka ku siteji.

Dalitso atabadwa, mtima wa mayi wanu unayamba kuvuta. Ankapuma movutikira akakwera kachitunda ka ku khola, miyendo inkatupa, ndipo mwezi uliwonse tinkapita kuchipatala cha ku boma ku Chongwe kukamuyeza ndi kukatenga mankhwala. Sindinaphonyepo ngakhale kamodzi. Ndinkasinthana masiku ndi woyendera mnzanga kuti ndikhalepo, chifukwa Rhoda ankachepetsa zonse pamaso pa dokotala, ndipo ine ndinkayenera kunena zoona.

Chaka chomaliza, kuyambira Juni

Apa ndi pamene pali kulakwa kwanga. Kuyambira chakumapeto kwa Juni mitanda yanga inayamba kuchepa. Sitima imene kale ndikanapezamo makapulingi atatu otha inkatuluka yonse ndi zilembo zanga. Geji ya ku ntchito, yopakidwa penti yachikasu, imene inkagona mu kabati ya tonse, inkakana kulowa paliponse. A Siame anasiya kuima kumbuyo kwanga. Pa msonkhano wina ananditchula kuti ntchito yathu yowotcherera yayamba kubala zipatso. Ndinakondwa. Ndinkafika kunyumba dzuwa lisanalowe, n'kumathandiza kukama.

Munthu wa ntchito yanga amadziwa kuti geji ikamakalamba imaonda, ndipo yoonda imalowa mosavuta. Mitanda imayenera kuchuluka, osati kuchepa. Ndinkadziwa zimenezi ndili ndi zaka makumi awiri. Sindinadzifunse kwa miyezi inayi, chifukwa yankho limene geji inkandipatsa ndi limene ndinkalifuna.

Lamlungu lina mu Okutobala

Loweruka ndinayendera sitima ya mawagoni makumi awiri ndi asanu ndi limodzi odzaza simenti, yoti inyamuke Lolemba nthawi ya teni kulowera kummwera. Onse ndinawalemba zilembo zanga. Pofulumirira minibasi ndinaiwala geji ya ku ntchito m'thumba la ovolosi. Lolembalo linali tsiku la Rhoda kuchipatala, ndipo ndinali nditapempha kale tchuthi.

Lamlungu masana ndinali kusakaniza madeya ku khola. Rhoda sankathanso kuchapa. Ankakhala pa mpando n'kumapisa m'matumba, mng'ono wake Judith n'kumachapa. Ndinamva akuitana akuseka.

"Atate ba Taonga, bwelani! Mwabweletsela geji yanga mkazi wachiwili?"

Ndinapeza wachotsa yake pa zenera, waziika ziwirizo pamodzi pa bondo, m'mphepete mofanana, monga ankachitira ndi nsalu.

"Si munakamba kuti zonse ni mapasa? Nanga iyi yanenepa bwanji? Ku nchito mumazidyetsa madeya?"

Yachikasu inali yotalikirapo kumapeto, pang'ono chabe, ngati kunenepa kwa mtengo wa machesi. Ndinatenga mpeni n'kupala penti. Pansi pake chitsulo chinali cha mtundu wina. Munthu wina anali atawotchererapo, n'kupala bwinobwino, n'kupakanso penti. Inali ntchito yaukhondo, ya munthu wodziwa. Geji yonenepa chonchi ikanakana kulowa ngakhale m'kapulingi yoti inatha kalekale.

Ndinakhala pansi pa khonde. Rhoda anasiya kuseka. Ndinayamba kuwerenga m'mutu sitima zimene ndinazilola kuyambira Juni, kenaka ndinalekeza. Zimenezo zinali kale kutali. Yotsala m'manja mwanga inali ya simenti ija, yolemera kuposa zonse, ndipo njanji ya kummwera ikangotuluka m'tauni imadutsa pakati pa nyumba za anthu. Pamapepala sitima ikaduka mabuleki amadzigwira okha. Ine ndinkadziwa mawagoni angati mwa amenewo anali ndi mabuleki ongokhalapo dzina.

Ndinaimbira a Siame kasanu. Foni inali yozima. Woyendera mnzanga anali ku maliro ku Mongu. Wa mu ofesi yoyendetsa sitima anati sangaimitse sitima yosainidwa kale chifukwa cha foni ya Lamlungu; wosainayo abwere yekha adzafafanize dzina lake.

"Muzayenda," anatero Rhoda. Sikunali kufunsa.

"Mawa ni chipatala."

"Judith azanipeleka. Ni kupima chabe na kutenga mankhwala."

"Miyendo yatupa kupambana mwezi watha. Ukafika uzakamba kuti uli bwino."

"Judith ali na kamwa kupambana imwe." Anayang'ana geji yachikasu ija. "Si kwamene kuja azimayi amayala tomato pa njanji? Tinagulako kabichi tikuchoka ku ukwati."

Ndinati ndi komweko. Anakulunga geji yake m'kansalu n'kuiika pa tebulo pafupi ndi makiyi a njinga.

Lolemba

Ndinamukweza Rhoda pa keriyala n'kumakankha njinga mpaka pa mphambano, Judith akutsatira ndi chikwama. Minibasi yanga inayamba kudzaza. Tinalankhulana pang'ono, ndipo ndinakwera.

Ndinafika ku yadi injini italumikizidwa kale. A Siame atandiona anadabwa. "Ba Koleji, si muli pa tchuthi?" Ndinaika mageji awiri pa tebulo lawo, m'mphepete mofanana, monga anachitira Rhoda. Anayamba ndi kukalipa, kuti kansimbi ka ku sukulu sikangatsutse chida cha kampani, kuti mwini simenti adzaimbira iwo osati ine. Ndinawaonetsa pamene ndinapala penti. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, nachotsa magalasi.

"Ni ndani wachita ichi?"

"Siniziba."

"Na ine siniziba." Anandiyang'ana ngati akufuna ndiwakhulupirire. Mpaka lero sindidziwa. "Nakupatsa mpaka twelofu. Ikapitilila, uzayankha weka."

Ndinaika mbendera zofiira kutsogolo ndi kumbuyo kwa sitima n'kuyamba. Wagoni iliyonse ili ndi makapulingi awiri, ndipo kuyeza bwino pamafunika kumasula, kutalikitsa pang'ono, kuyeza mbali zonse, n'kulumikizanso. Dzuwa la Okutobala linali litatenthetsa zitsulo moti zinkawotcha kudzera m'magolovesi. Pa wagoni yachitatu geji inalowa. Ndinafafaniza dzina langa ndi chikhatho n'kulemba mtanda. Pa yachisanu ndi chinayi inalowanso. Dalaivala, amene poyamba ankaimba hutala mondinyoza, anatsika n'kumanditsatira.

Ndili pakati pa wagoni ya nambala seventini ndi eyitini, foni inanjenjemera m'thumba la pachifuwa. Sindinayankhe, limenelo ndi lamulo, ndipo palibe angandidzudzule. Ndinamaliza, ndinatuluka. Apa ndi pamene a Hamoonga akanati, funsa tsopano kuti amati chiyani. Sindinaitulutse foni. Ndinadziwa kuti ndikaona dzina la Judith ndithamanga, ndipo ndinadziwa kuti ndikathamanga mawagoni otsalawo apita mmene alili, chifukwa twelofu inali pafupi ndipo zilembo zanga zinali zikadali pamenepo. Ndinalowa pakati pa ena awiri. Inaliranso. Ndinalowa pakati pa ena. Inalira kachitatu, nthawi yaitali, kenaka inasiya.

Zinanditengera mphindi pafupifupi makumi anayi. Pa wagoni ya nambala twente-folo geji inalowa osakhudza mbali, n'kugwera pansi pa miyala. Pa zaka zanga zonse sindinaonepo kapulingi yotha chonchija ili pa sitima yodzaza. Dalaivala anatola geji, nandipatsa ndi manja awiri. Yonse inakwana mitanda isanu.

Kenaka ndinaimba. Judith anati Rhoda anagwa ali pa mzere. Anamunyamulira mkati, ndipo anatsitsimuka. Pa kuimba koyamba ndi kwachiwiri anali maso, ndipo ndiye ananena kuti, muimbireni, nifuna kukamba nawo. Pa kachitatu anali Judith yekha. Pamene ndinkaimba ine, Rhoda anali atasiya kulankhula.

A Siame anandipatsa galimoto yawo ndi dalaivala. Msewu wa Great East unali wodzaza mpaka kupitirira mphambano ya ku eyapoti. Ndinafika ku Chongwe itangopitirira thuu koloko, ndipo ndinapeza Judith atakhala pansi panja pa wodi, nsapato za mkulu wake zili pamiyendo.

Ndamufunsa kangapo ngati Rhoda ananena chimene ankafuna kundiuza. Akuti sananene.

Pambuyo pake

Kunabwera anthu a kulikulu kudzafufuza. Anatenga mageji onse awiri ngati umboni. Mawagoni amene ndinawalola kuyambira Juni anasakidwa m'masiteshoni n'kuyezedwanso. Ena anapezeka otha, koma palibe inaduka. Wowotcherera geji uja sanapezeke. Kabati inali ya tonse, ndipo makina owotcherera ankagwiritsa ntchito anthu asanu ndi awiri. Ine anandilembera kalata yondichenjeza chifukwa chosayezetsa chida changa, ndi ina yondiyamikira, zonse m'envulopu imodzi.

Ndinabwerera ku ntchito patapita mwezi, koma sindinalinso woyendera. Kapulingi iliyonse ndinkaiyeza katatu, ndikafika kumapeto kwa sitima n'kubwerera kukayambiranso. Foni ikalira m'thumba la munthu wina ndinkatuluka thukuta. Patatha miyezi isanu ndi iwiri dokotala wa kampani analemba kuti ndipume, ndili ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi. Ng'ombe ndinagulitsa chifukwa zinkakana kukamidwa ndi ine. Zinazolowera manja amodzi.

Anthu a ku tchalitchi amandiuza kuti ndikanayankha foni sizikanasintha kanthu, ndipo dokotala ananenanso chimodzimodzi. N'zoona kuti sindikanafika. Koma ndikanamva. Dalaivala wa sitima uja anabwera ku maliro ndi thumba la ufa, nandiuza kuti ali ndi ana anayi. Zinthu ziwirizi ndaziika pamodzi kambirimbiri, m'mphepete mofanana, ndipo sindinapezebe chotalika. Sindikukupempha kuti undiuze kuti ndinachita bwino, Taonga. Ndikungofuna udziwe kuti foni inalira katatu, ndipo ndinaimva.

Geji ya pa zenera ija ndinakaifunsa katatu. Ulendo woyamba anati ikadali ku likulu. Wachiwiri anati inabwezedwa ku sitolo. Wachitatu wa ku sitolo anatsegula mabokosi onse ine ndikuona, ndipo munalibe. Anandipatsa ina yatsopano, yochokera kunja, kuti nditenge. Ndinaisiya pa kauntala. N'chifukwa chake zenera la kuchipinda ndinalimanga ndi waya, ndipo ndinakukalipira tsiku lija unafuna kulitsegula. Pepani, mwanangu.

Pa mphambano paja, mmawa wa Lolemba lija, kondakitala anali akumenya kale denga la minibasi. Rhoda anali atatsika pa njinga, atatsamira phewa la Judith, akupuma. Ndinamuuza kuti akauze dokotala za miyendo, ndi za kutsokomola, asabise. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva kale kakhumi. Ndinakwera n'kukhala pa mpando wa pawindo. Minibasi itayamba kuyenda anagogoda galasi ndi chala, ndipo ndinalitsegula. Analoza thumba langa la pachifuwa, mmene munali kansalu kaja.

"Mubwele nayo geji yanga. Zenela lizamenyeka na mphepo."